Kodi Mkhristu azigona nthawi yanji?

 Moni inu a ku Kaseye ndi midzi yozungulira. Moni a ku Ifumbo, a ku Misuku, a kwa Kameme ndi a pa boma pa Chitipa. Sitikuiwalani inunso amene mwatchera khutu muli kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Sendezani wailesi pafupi, ticheze.

Nkhani yathu lero ndi ya tulo. Inde, tulo tomweti. Wina waseka kale kumeneko, akuti, "Kodi nkhani zatha, mpaka tikambe za kugona?" Tadikirani. Munthu amene wafika zaka 60 amakhala atagona zaka pafupifupi 20 za moyo wake. Zaka 20, abale anga. Kodi Mulungu angakhale wopanda chonena pa gawo lalikulu chotere la moyo wa munthu?

Funso lathu ndi ili: kodi Mkhristu azigona nthawi yanji, ndipo azidzuka nthawi yanji? Yankho langa ndilinena poyambirira pomwe, kuti amene mabatire amuthere panjira akhale atamva. Tulo ta usiku si ulesi. Ndi mphatso ya Mulungu, ndipo thupi analiumba kuti lizilandira mphatsoyo pa nthawi yake. Ndibwereze. Tulo ta usiku si ulesi, ndi mphatso, ndipo tili ndi nthawi yake.

Tiyambire kumunda.

Inu alimi a mtedza, munayamba mwadutsako m'munda mwanu chisisira chitagwa? Masamba a mtedza mumawapeza atapindana, atatsekana awiriawiri. M'mawa amatambasukanso. Nyemba nazo zimagwetsa masamba usiku. Ambirife timati ndi dzuwa limene limawatsekula ndi kuwatseka. Koma mu 1729 katswiri wina wa ku France, Jean-Jacques de Mairan, anatenga kachitsamba kamene masamba ake amachita chimodzimodzi, n'kukatsekera mu mdima wa ndiweyani. Osaona dzuwa n'komwe, masamba aja ankatambasukabe nthawi ya usana ndi kupindana nthawi ya usiku. Nthawi inali m'kati mwa kachitsamba komweko.

Nanga tambala wanu uja, amamudzutsa ndani? Mu 2013 akatswiri a ku Japan anaika atambala m'chipinda chowala pang'ono, kuwala kosasintha usana ndi usiku. Atambalawo ankalirabe cha nthawi yomwe ija ya m'bandakucha. Sankadikira kuti aone kum'mawa kukufiira.

Tsono ngati mtedza ndi tambala zili ndi nthawi m'kati mwake, munthu angalephere kukhala nayo? Ayi ndithu. Madokotala amati tonsefe tili ndi wotchi ya m'thupi. Likulu lake ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka mu ubongo, kamene kamalandira uthenga kuchokera m'maso. Kukada, ubongo umatulutsa homoni yotchedwa melatonin, yomwe imauza thupi kuti usiku wafika. Zikope zimalemera. Thupi limazizirako pang'ono. Kukayandikira kucha, homoniyo imachepa ndipo thupi limayamba kudzikonzekeretsa kudzuka, mwiniwake asanatsekule maso. Kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso, wotchi ija imakonzedwanso kuti igwirizane ndi dzuwa. Zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku, ife osalipira kalikonse.

Mu 2017 akatswiri atatu a ku America, a Jeffrey Hall, a Michael Rosbash ndi a Michael Young, analandira mphotho ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchiyi imayendera m'kati mwa thupi. Ndipo mukudziwa chimene anaphunzirirapo? Tintchentche tating'ono tija timaunjikana pa nthochi zakupsa. Inu a ku Misuku mumatipirikitsa tsiku lililonse.

Ife kuno tili ndi mwayi wina. Kwathu dzuwa silisinthasintha kwambiri. Limatuluka cha m'ma 6 koloko kapena isanakwane, n'kulowanso cha m'ma 6 koloko, chaka chonse. Kumaiko ena akutali, nyengo ina kumada 4 koloko masana, nyengo ina kumawalabe 10 koloko usiku. Ife Mlengi anatigawira pafupifupi pakati ndi pakati.

Tamva za kumunda ndi za madokotala. Tsopano titsekule Baibulo.

Mutu woyamba wa buku la Genesis umawerenga masiku m'njira yodabwitsa. Tsiku lililonse la chilengedwe umalitchula kuyambira madzulo, kenako m'mawa. Ife timaganiza kuti tsiku limayamba tikadzuka ndi kugwira khasu. Baibulo likuyambira pamene khasu talitula. N'chifukwa chake Ayuda mpaka lero amayamba Sabata dzuwa likalowa Lachisanu, monganso amachitira abale athu a mpingo wa Seventh Day Adventist. Akatolika nawo chikondwerero cha Lamulungu amachiyamba Loweruka madzulo. Taganizani bwino pamenepa. Chinthu choyamba chimene munthu amachita pa tsiku latsopano ndi kugona. Iye ali m'tulo, Mulungu ali pa ntchito. Podzuka amapeza tsiku litayamba kale popanda thandizo lake.

Salimo 104 limagawa nthawi mofananamo. Usiku limaupereka kwa zilombo za m'thengo, usana kwa munthu, kuti agwire ntchito mpaka madzulo. Salimo 121 limatikumbutsa kuti pali Mlonda mmodzi yekha amene saodzera. Mlondayo si inu, si ine. Ndipo Salimo 127 limadzudzula munthu amene amalawirira m'mamawa, n'kugona mochedwa, nsima yake n'kumadyera nkhawa. Likuti kuteroko n'kudzivutitsa chabe, pakuti tulo ndi Mulungu amene amapatsa okondedwa ake.

Ambuye Yesu anaperekanso fanizo la mlimi, pa Marko mutu 4. Mlimiyo amafesa mbewu, n'kumagona ndi kudzuka, mbewu n'kumamera iye osadziwa mmene ikumerera. Ndikufunseni inu alimi a chimanga ndi mawere: alipo amene anachezera m'munda usiku wonse kukoka chimanga kuti chikule msanga?

M'mutu womwewo timapeza Yesu mwiniwake ali m'tulo. Ali m'ngalawa, watsamira pilo, namondwe akuwomba. Amene munaonapo nyanja itakalipa ku Karonga mukudziwa kuti si malo ogona amenewo. Koma anali ataphunzitsa khamu la anthu tsiku lonse. Thupi linatopa, ndipo anagona. Mwana wa Mulungu sanachite manyazi ndi tulo. Nanga ife manyaziwo tawatenga kuti?

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya mneneri Eliya, pa 1 Mafumu mutu 19. Eliya wathawa Yezebeli, wafika m'chipululu, wataya mtima mpaka kupempha imfa. Mulungu anachita naye chiyani? Sanayambe ndi ulaliki. Sanamuuze kuti asale kudya. Anamusiya agone. Mngelo anamudzutsa, n'kumupatsa mkate ndi madzi. Eliya anadya, n'kugonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya. Mawu aakulu Mulungu anadzamuyankhula pambuyo pake, ku phiri la Horebu. Choyamba tulo ndi chakudya, kenako uthenga. Inu amene mumayendera anthu osweka mtima mu mphakati kapena mu mvano, dongosolo limenelo muzilikumbukira.

Apa ndikudziwa kuti wina wakweza kale dzanja. Akuti, "Bambo, mukulimbikitsa ulesi. Kodi buku la Miyambo silidzudzula munthu wokonda tulo? Kodi Yesu sanadzudzule ophunzira ake atagona m'munda wa Getsemane? Kodi sankadzuka kusanache kukapemphera?"

Zonsezo n'zoona, ndipo sindizikana. Miyambo mutu 6 imamunena waulesi mosapsatira, mpaka kumutumiza kwa nyerere kuti akaphunzire. Koma taonani amene akunenedwayo. Ndi munthu wogona pa nthawi ya ntchito. Anzake ali kumunda, iye akutembenuka pamphasa, dzuwa lili pamutu. Ameneyonso waphwanya dongosolo lomwelija, kungoti waliphwanyira mbali inayo. Wogona masana onse ndi wochezera usiku wonse popanda chifukwa, onsewa akulimbana ndi nthawi imene Mulungu anaika. Za Getsemane, unali usiku umodzi wapadera m'mbiri yonse ya dziko. Ndipo kudzuka m'mamawa kukapemphera n'kwabwino zedi. M'bandakucha mutu umakhala wopepuka, mudzi uli zii. Koma wofuna kulawira m'mamawa ayenera kugona msanga. Simungadule mbali zonse ziwiri.

Ndibwerezenso mfundo yathu. Tulo ta usiku si ulesi. Ulesi ndi kugona pa nthawi ya ntchito.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Kodi akutibera tulo ndani masiku ano?

Ndisaname, makolo athu sankagona limodzi ndi nkhuku. Ankayamba acheza pamoto, nthano zikuyenda. Akatswiri amene anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, omwe amakhala opanda magetsi, anapeza zomwezo mu 2015. Anthuwo amagona patapita maola angapo dzuwa litalowa, n'kudzuka cha m'bandakucha, pafupifupi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Koma moto umazilala wokha. Nkhuni zikanyeka, nkhani nazo zimatha. Foni sizilala. Sola yafika m'midzi yathu, ndipo tikuthokoza, chifukwa ana akuwerenga ndipo amayi sakuphikanso mu mdima. Vuto ndi lakuti kuwala kwa usiku kumachedwetsa melatonin ija, ndipo nkhani za pa WhatsApp ndi Facebook zilibe pothera. Mumati muone uthenga umodzi wokha, pozindikira tambala woyamba walira. Mpira wa ku Ulaya wa pakati pa sabata umayamba 9 kapena 10 koloko usiku. Mnyamata achoke kokaonera pakati pa usiku, m'mawa akwere njinga yamoto ya kabaza, anyamule mayi ndi mwana kumsana. Inu mungakwere? Madalaivala a pa msewu wa Karonga ndi Chitipa, ndi makhotakhota ake aja, kuodzera kwa kamphindi kamodzi n'kokwanira kugwetsa galimoto.

Ngongole ya tulo ili ngati katapila. Mumabwereka ola limodzi lero, mawa mubweza ndi mutu wopweteka, mtima wapachala ndi ntchito yolakwika. Ikachuluka kwa zaka, madokotala amati imawonjezera chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga.

Ndiyankhule ndi inu ana asukulu. Pa mishoni ya Katolika ya Kaseye, mu dayosizi ya Karonga, pali sukulu ya sekondale ya atsikana yodziwika bwino, ndipo m'boma lathu lino muli sukulu zina zambiri. Kulikonse m'Malawi muno, mayeso a MSCE akayandikira, timamva nzeru zomwezija. Wina amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asagone. Wina amamwa khofi wowawa pakati pa usiku. Kuzizira kwa ku Chitipa m'mwezi wa June mukukudziwa, ndiye wina mapazi ali m'madzi! Ana anga, khama lanu ndi labwino, koma njirayo ndi yolakwika. Zimene mwawerenga masana, ubongo umazisanja ndi kuzisunga muli m'tulo. Mukaumana tulo, mawa lake mumaliona funso, mukudziwa kuti munaliwerenga, koma yankho osabwera. Madokotala amati wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10, ndipo wamkulu osachepera 7. Kuthamanga sikufika. Werengani tsiku ndi tsiku kuyambira temu yoyamba, pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo usiku woti mawa ndi mayeso mugone.

Makolo, pali chinanso choti mudziwe. Mwana akatha msinkhu, wotchi ya m'thupi mwake imasunthira kutsogolo. Tulo timachedwa kumufikira, m'mawa n'kumavutika kudzuka. Si mwano nthawi zonse. Musafulumire kumutcha waulesi. Muthandizeni pochotsa foni kuchipinda, ndipo m'mawa atuluke panja aone dzuwa.

Tsopano ndifike pa nkhani yovuta, ya mapemphero a usiku wonse. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundilole ndinene.

Kuchezera m'pemphero kuli m'Baibulo. Luka mutu 6 umati Yesu anapemphera usiku wonse asanasankhe atumwi ake. Mpingo uli ndi usiku waukulu wa Pasaka. Pamaliro timachezera ndi anamfedwa, tikuimba nyimbo mpaka kucha, ndipo ndi chikondi chenicheni chimenecho. Tsiku limodzi silioza mbewa. Thupi limapirira usiku umodzi, n'kudzabweza pambuyo.

Koma usiku wapadera ukasanduka wa sabata iliyonse, mwinanso kawiri pa sabata, tiyenera kufunsa mafunso. Mphunzitsi amene wachezera Lachinayi, Lachisanu aphunzitsa bwanji? Ana aang'ono amene agona pabenchi popanda neti, udzudzu wa malungo uli pa ntchito, tawachitira chilungamo? Nanga zimkuzamawu zikamalira mpaka m'bandakucha, wodwala wa nyumba yoyandikana nayo apume nthawi yanji? Mulungu sagontha usiku. Ndipo sindinapeze pamene Baibulo limanena kuti pemphero la 2 koloko usiku limafika msanga kuposa la 6 koloko m'mawa.

Mukukumbuka mnyamata uja Utiko, pa Machitidwe a Atumwi mutu 20? Paulo analalikira mpaka pakati pa usiku ku Trowa. Mnyamatayo anakhala pazenera, tulo tinamugonjetsa, n'kugwa kuchokera pa nyumba yosanja mpaka pansi. Paulo sanamudzudzule. Anatsika, n'kumukumbatira, ndipo mnyamatayo anakhalanso ndi moyo. Alaliki anzanga, ngati ulaliki wa Paulo weniweniyo unagonetsa munthu, wanu ndi wanga ungalephere?

Ngakhale amonke, anthu amene moyo wawo wonse ndi pemphero, sanalitaye dongosololi. Benedict Woyera wa ku Italy, amene analemba malamulo a amonke zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, anawaikira nthawi yodzuka usiku kukapemphera. Koma anaonetsetsa kuti podzukapo akhale atapuma mokwanira, ndipo m'nyengo yotentha anawapatsa mpata wopumula masana akatha kudya. Anadziwa kuti munthu wosagona sachedwa kupsa mtima, ndipo wopsa mtima savuta kuchimwa.

Mfundo yotsatira ndi imene ndikufuna abambo muimvetsetse. Alipo anthu amene sagona, osati chifukwa cha foni kapena mpira, koma chifukwa cha ife.

M'nyumba mwanu, amayamba kudzuka ndani? Amamaliza kugona ndani? Mayi adzuke kusanache, akoleze moto, atunge madzi, apite kumunda limodzi ndi inu. Pobwera asenze nkhuni. Madzulo aphike, atsuke mbale, agoneke ana. Usiku khanda lilire, ndi iye yemweyo. Inu mwagona tulo tofa nato, m'mawa n'kumadabwa kuti mayi a kunyumba akwiyiranji. Lamulo la Sabata, mmene lalembedwera pa Deuteronomo mutu 5, silipatsa mpumulo mwini nyumba yekha. Limatchula ana, antchito, mlendo, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Ngati ng'ombe yokoka ngolo ili ndi ufulu wopuma, kuli bwanji mkazi wanu? Nyamulani khandalo usiku wina, mayi agoneko. Umenewonso ndi utumiki wachikhristu.

Tikumbukirenso anamwino ndi azamba a pa chipatala cha Kaseye ndi zipatala zina, amene amachezera kuti mayi wobereka pakati pa usiku apeze womuthandiza. Tikumbukire alonda, apolisi, ndi achibale odikirira odwala. Anthu amenewa akulimbana ndi wotchi ya m'thupi mwawo chifukwa cha ife. Si ochimwa ayi, akupereka nsembe. Mbali yathu ndi kuwalola kugona masana. Namwino akaweruka m'mawa, musamugogodere 10 koloko kuti mwabwera kudzacheza. Inu olemba ntchito alonda, musamuuze munthu amene wachezera usiku wonse kuti atsalire asese pabwalo ndi kuthirira maluwa. Kumeneko n'kumudyera masuku pamutu.

Ndisanatseke, mawu kwa inu amene mumafuna kugona koma tulo osabwera. Mwina ndi ngongole ya feteleza. Mwina ndi fizi. Mwina mwaferedwa posachedwa. Musadziweruze kuti chikhulupiriro chanu n'chochepa. Olemba Masalimo nawonso ankachezera ndi misozi, ndipo mapemphero awo tikuwawerenga mpaka lero. Pempherani mwachidule musanagone, nkhawazo muzitchule mayina pamaso pa Mulungu. Ngati mwayambana ndi wina m'nyumba, yesetsani kukambirana dzuwa lisanalowe, monga Paulo analangizira Aefeso. Khofi ndi tiyi wamphamvu muzimwa m'mawa, osati madzulo, pakuti mphamvu yake imakhala m'thupi maola ambiri. Mowa musaukhulupirire. Umagonetsa msanga, koma umadula tulo pakati pa usiku. Muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usiku sunayende bwino. Ndipo vutoli likapitirira kwa masabata angapo, kapena a kunyumba akamakuuzani kuti mumaliza mkonono mpaka kubanika, pitani kuchipatala. Kupemphera ndi kuonana ndi dokotala sizilimbana.

Nthawi yatithera, omvera athu. Pempho langa ndi laling'ono. Sabata ino, banja lililonse likhale pansi, ligwirizane nthawi yozimitsa mafoni ndi nthawi yogona. Abambo, yambani ndinu, ana aonere kwa inu. Atsogoleri a mipingo, musanakonze mapemphero ena a usiku wonse, funsani kaye kuti mawa lake anthu anu ali ndi ntchito yanji, ndipo zimkuzamawu muzitsitse ikakwana nthawi yoti anansi agone. Ndipo nonsenu, musaiwale kukunga neti.